Bambo akufuna kupereka thupi lawo kusukulu ya madokotala, ndiwauze chiyani azakhali?

NaBanda wa ku Zomba:
Abale anga, ndigawireni nzeru. Bambo anga ali ndi zaka 76, anaphunzitsa Biology kusekondale mpaka kupuma ntchito. Lamulungu lapitali, titaweruka kutchalitchi, anandiitanira kuchipinda n'kusolola envulopu m'Baibulo mwawo. Alembamo ndi dzanja lawo kuti akadzatsamira mkono, thupi lawo lisadzapite kumanda, lidzaperekedwe ku KUHeS, yunivesite yophunzitsa madokotala ku Blantyre, kuti ana ophunzira udokotala akaphunzirirepo. Akuti zaka zonsezi ankajambula mtima wa munthu ndi choko pabolodi, tsiku lina n'kubwera ndi mtima wa mbuzi wogula pamsika, ndiye akufuna phunziro lawo lomaliza lidzakhale la mtima weniweni.

Pamaso pawo sindinatsutse, koma usiku umenewo tulo sindinatione. Azakhali ku Dedza atamva analira pafoni ngati zachitika kale. Akuti malo a achimwene awo alipo pambali pa amayi awo, nanga adzukulu adzakumbira ndani, anthu adzagona pasiwa kulira yani? Kodi lamulo limalola? Nanga thupi amalisamala bwanji kumeneko? Mantha anga ndi oti bambo anga angakaseweretsedwe.

Dokotala wa pa Boma:
Achemwali, lamulo lilipo, ndi Anatomy Act ya 1990, ndipo limalola kupereka thupi kuti ligwire ntchito ya maphunziro kapena kafukufuku. Bambo apite okha kudipatimenti ya Anatomy (yophunzitsa za kapangidwe ka thupi la munthu) ku KUHeS ku Blantyre akadali ndi mphamvu, akamve zofunika kusaina. Kalata ya m'Baibulo payokha ikhoza kudzakanidwa ndi abale.

Za kuseweretsa, ndikuuzeni zimene ndinaona. Thupi amalipopera mankhwala a formalin kudzera mumtsempha waukulu, ndipo limatha kukhala zaka osawonongeka. Fungo lake limalasa m'maso, limakutsatira mpaka pa nsima. Tsiku loyamba tinazungulira tebulo, palibe ankafuna kuyamba kuvundukula nsalu. Mnzathu wina anapempha kuti tiyambe tapemphera, tinatero. Nkhope tinkaiphimba nthawi zonse pokhapokha titafika pophunzira mutu.

Amene ife tinaphunzirirapo anali bambo wachikulire, zikhatho zokakala ngati za munthu wa khasu. Pakhosi pawo m'pamene ndinaonera koyamba kamtsempha koyendetsa mawu, kopyapyala ngati ulusi, kobisala kuseri kwa chithokomiro. M'buku amakajambula kachikasu, koonekera patali. M'thupi mulibe mtundu umenewo, umachita kukafunafuna. Dokotala akakadula pa opaleshoni ya chotupa cha pakhosi, munthu amatsala ndi mawu osasa mwina moyo wake wonse. Mpaka lero ndikamva wodwala akulankhula bwino atachoka kufiyeta, ndimakumbukira bambo aja.

Chimene chimandipweteka n'choti dzina lawo sitinalidziwe. Matupi ambiri m'sukulu za udokotala mu Africa muno ndi a anthu amene anamwalira popanda wachibale wodzawatenga kumotchale. Sanafunsidwe. Bambo anuwo akudzipereka okha, maso ali gwa, ndipo kwa ine zimenezo n'zaulemu kuposa zimene tinaphunzirira ife.

Azakhali muwauzenso izi. Ku Queens, makolo ena analola kuti ana awo omwalira apimidwe pa kafukufuku wa dokotala Terrie Taylor ndi anzake. Zotsatira za mu 2004 zinaonetsa kuti mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a muubongo, 7 anafa ndi matenda ena. Kuyang'ana m'kati mwa diso pofuna kutsimikiza malungo amenewa kunalimba chifukwa cha makolo amenewo.

Agogo a Chisomo:
Mwananga, adokotala anena zoona, koma ine ndili mbali ya azakhali ako, usawaone ngati osadziwa zinthu. Kwathu kuno munthu akamwalira thupi ndi la mbumba. Kulisambitsa, kuliona nkhope, kuponya dothi, m'pamene mtima umavomera kuti wapitadi. Mchimwene wanga anathera ku Joni, sitinamuike, ndipo mayi athu anamwalira akuyang'anabe kumsewu.

Kumbukiranso zimene tadutsamo. Anthu anafukula manda a abale athu achialubino kufuna mafupa, mpaka aphungu anakhwimitsa lamulo la Anatomy Act lija mu 2016. Ndiye kumudzi ukangoti thupi silibwera, ena adzati ana agulitsa ziwalo za bambo awo, ndipo chala chidzaloza iwe. Bambo ako akwere basi apite ku Dedza, akakhale pansi ndi alongo awo, eni mbumba ndi amfumu, akanene ndi pakamwa pawo. Asakusenzetse iwe katundu ameneyu.

Mai a Tadala, Leeds ku England:
Ine ndimasamalira okalamba kuno, ndipo ndaperekezapo agogo awiri amene anasankha zimenezi. Lamulo la kuno, Human Tissue Act ya 2004, limafuna kuti mwini wake asaine akadali moyo pamaso pa mboni. Ana sangamuperekere atamwalira. Kawirikawiri sukulu imasunga thupi mpaka zaka zitatu, kenako imakonza zoliwotcha kapena kulibweza kwa abale, ndipo kumakhala mapemphero othokoza omwe ophunzira ndi anamfedwa amakhalira limodzi. Dziwaninso kuti nthawi zina amalikana, monga ngati lang'ambidwa kale pofufuza chomwe chapha munthu kapena panali matenda ena opatsirana, choncho dongosolo la maliro a masiku onse likhalepobe. Ku Blantyre mukafunse zomwezi: adzalisunga nthawi yaitali bwanji, ndipo akamaliza mudzaloledwa kukaliika kumudzi? Yankho limenelo ndi limene azakhali akulidikira.

NaBanda wa ku Zomba:
Zikomo nonse. Ndawawerengera bambo zonsezi madzulo ano pakhonde. Pa za kamtsempha ka mawu anamwetulira, n'kudzigwira pakhosi kundisonyeza pamene kamadutsa. Nditafika pa mawu a agogo a Chisomo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mlongo wanga ndamulakwira, anayenera kumva kwa ine, osati pafoni." Lachitatu tipita ku Blantyre kukafunsa ngati thupi lingadzabwerere ku Dedza akamaliza nalo. Loweruka tikwera ya ku Dedza, ndipo andituma ndiwagulire azakhali shuga ndi chitenje.