Gulu la Chitukuko cha Kwathu: za ndalama zothandizira ovutikitsitsa

Mlembi:
Makolo ndi abale nonse, ndikudziwitseni kuti mwana wina wa kwathu amene amagwira ntchito kunja watumiza ndalama ku akaunti ya gulu, ndipo wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Mawu ake ndi akuti ndalamazi zithandize mabanja ovutikitsitsa m'midzi yathu. Komiti itakumana inatuluka ndi maganizo awiri. Ena akuti tisankhe mabanja angapo, tiziwapatsa kangachepe mwezi ndi mwezi kwa chaka chimodzi, osabweza. Ena akuti tikhazikitse thumba la ngongole zing'onozing'ono kuti ndalamazo zizizungulira. Tikupempha maganizo anu tisanamuyankhe mwiniwakeyo.

Anabanda:
Tikuthokoza kwambiri mwana ameneyu. Mulungu amuonjezere pamene wachotsapo.

Ambewe:
Inenso ndikuthokoza, koma maganizo anga ndinena mosabisa: zogawa ndalama zaulere ine ndikukana. Ntchito imeneyo boma likuigwira kale. Mtukula Pakhomo anayamba m'chaka cha 2006 ku Mchinji ndipo lero ali m'maboma onse, pomwe ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo yakhala ilipo kuyambira 2005, kungosintha dzina m'chaka cha 2020. Zaka zonsezi zadutsa, ndiye ndifunse: ndi mabanja angati kwathu kuno amene anatuluka mu umphawi n'kupita kukanena okha kuti awachotse m'kaundula chifukwa aimirira paokha? Chimene ndimaona ine ndikapita kumudzi ndi anyamata amphamvu zawo atakhala pansi pa mtengo kuyambira m'mawa, nkhani yawo ili yoti mayina alembedwa liti ndipo walemba ndani. Akuluakulu anati pagule fumbi ndiwe mwini. Munthu akazolowera kulandira amayamba kuona ngati umphawi wake ndi mlandu wa boma, ndipo akafika pamenepo simungamudzutsenso. Ngongole imachita zosiyana, chifukwa wobwereka amadziwa kuti tsiku lobweza likubwera, choncho amalawirira. Ku Bangladesh, Muhammad Yunus anakhazikitsa Grameen Bank m'chaka cha 1983, n'kumabwereketsa amayi osauka popanda chikole, ndipo m'chaka cha 2006 iye ndi banki yakeyo analandira mphoto ya Nobel. Anthu amenewo anali osauka ngati ife, koma anapatsidwa ulemu wokhulupiriridwa kuti angathe kubweza. Tiyeni tiwapatse anthu athu ulemu umenewo.

Anaphiri:
Ambewe, ndimakulemekezani, koma mwasakaniza anthu awiri osiyana. Anyamata a pansi pa mtengowo sindiwo amalandira Mtukula Pakhomo. Ndondomeko imeneyi imafuna mabanja osaukitsitsa amene mulibe munthu wotha kugwira ntchito, monga okalamba amene akulera ana amasiye, olumala ndi odwala matenda a mgonagona, ndipo imatenga pafupifupi mabanja khumi okha pa mabanja 100 alionse. Ndiye funso lanu loti ndi angati anatuluka mu umphawi likufunsidwa kwa anthu amene mphamvu zinawathera kale. Mwezi wathawu ndinakaona agogo ena amene akusunga zidzukulu zinayi. Denga lawo likudontha malo ambiri, moti makope a anawo amawasunga m'jumbo n'kuwapachika pamsomali kuti asanyowe, ndipo manja awo amanjenjemera mwakuti chikho cha madzi amachigwira ndi manja awiri. Kodi agogo amenewa tiwabwereke mpamba kuti achite geni yanji, ndipo akalephera kubweza tidzawalanda chiyani?

Nkhani yoti ndalama zimabweretsa ulesi inafufuzidwa kale. Abhijit Banerjee, amene analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2019 pamodzi ndi Esther Duflo ndi Michael Kremer, anaunika ndi anzake ndondomeko zisanu ndi ziwiri za maboma zopereka ndalama m'mayiko asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Mexico, Morocco, Indonesia ndi Philippines, ndipo sanapeze umboni woti olandirawo anachepetsa kugwira ntchito. Akatswiri ena a World Bank m'chaka cha 2014 anasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri pofuna kuona ngati ndalama zoterezi zimathera ku mowa ndi fodya, ndipo anapeza kuti kugula zinthu zimenezi sikukwera ayi.

Ambewe:
Anaphiri, mwachita bwino kutchula Mexico, chifukwa dziko limenelo likuikira kumbuyo mfundo yanga. Ndondomeko yawo ya Progresa, imene inayamba m'chaka cha 1997, sinkangopereka ndalama basi. Mayi ankalandira pokhapokha ana ake akupita kusukulu ndiponso banjalo likupita kuchipatala pa masiku oikika, ndipo akaphonya, ndalama inkaima. Bolsa Família ya ku Brazil, ya m'chaka cha 2003, inatengera njira yomweyo, kuonjezapo katemera wa ana. Maboma amenewo ankapereka, inde, koma wolandirayo ankasenzanso udindo wake. Nanga ife m'maganizo oyamba a komiti aja tikufuna chiyani kwa wolandira? Palibe. Chaka chikatha ndalama zatha, banja labwerera pamene linali, ndipo chotsala ndi chidani pakati pa amene analandira ndi amene sanalandire. Za agogo mwanenawo zandikhudza, sindine munthu wouma mtima, koma agogo amenewo ali ndi ana awo amuna awiri amene ali moyo ndithu ndipo akugwira ntchito m'tauni. Tisanatulutse ndalama za mwana wa eni ake, tiyambe tafunsa ana amenewo kuti amatumiza zingati.

Aphiri:
Pepani akuluakulu, ine ndine wamng'ono pano, koma ndisanamve za ku Mexico ndi ku Brazil ndikufuna ndimve kaye za mjigo. Tinasonkha tonse, ena tinachita kubwereka kuti tikwanitse gawo lathu, mjigo sunakumbidwe, ndipo mpaka lero palibe amene waonetsa malisiti. Tsopano tikukambirana zoti tikhale ndi thumba la ngongole, lomwe lidzafuna kuti wina azisunga mabuku mwezi ndi mwezi. Adzasunge ndani?

Msungichuma:
Aphiri, chonde mawu anu asamaoneke ngati akuloza ine. Pamene ndinkalandira mabuku a gulu, ndalama za mjigo zinali zitatuluka kale, ndipo zimene ndinapeza m'akaunti ndinazilengeza pamsonkhano pamaso pa aliyense. Chiyambireni udindowu sindinatulutsepo ndalama popanda anthu awiri kusainira.

Aphiri:
Sindinatchule dzina lanu, mayi. Ndangofunsa malisiti.

Ambewe:
Mphwanga Aphiri, popeza aliyense akudziwa kuti ine ndinali m'komiti ya nthawi imeneyo, ndiyankha ndine. Ndalama zinaperekedwa kwa wokumba, iye anabwera ndi makina ake, anakumba malo awiri osapeza madzi, kenako anachoka ndipo lamya zathu anasiya kuyankha. Izi ndazifotokoza pamisonkhano kangapo konse. Pepala la mgwirizano anasunga ndi malemu amene anali wapampando, ndipo sindingapite kukasokoneza banja lofedwa kuti ndifufuze m'masutikesi. Ngati pali wina amene akuganiza kuti ine ndinadyapo, anene poyera kuti tikakumane kwa mfumu. Chimene sindingalole ndi chakuti nthawi iliyonse ndikanena mfundo yoti anthu azidzidalira, wina azindiponyera nkhani ya mjigo kuti nditseke pakamwa.

Ankhoma:
Koma maenje awiriwo sitinawaonepo, achimwene. Ine ndinaona limodzi.

Ambewe:
Lachiwiri linali kuseri kwa sukulu ndipo linakwiriridwa chifukwa cha ana.

Anankhoma:
Abale, ndiloleni ndibwerere ku nkhani ya ngongole, chifukwa ine ndinaiona ndi maso. Mchemwali wanga analowa gulu lina lobwereketsa ndalama, anatenga mpamba n'kuyamba kageni kake, ndipo miyezi yoyamba ankabweza bwinobwino. Kenako mwana wake anagonekedwa m'chipatala, mpamba wonse unathera pa mayendedwe ndi mankhwala. Tsiku lobweza litakwana anapita kwa wakatapila kuti atseke ngongole yoyambayo, ndipo mapeto ake anthu anabwera masana, anakwera padenga n'kuzula malata asanu ndi limodzi ana akuonerera. Mchemwali wangayo si waulesi, amadzuka nkhuku zisanalire. Chinamugwetsa ndi chakuti wosauka alibe potsamira, vuto limodzi lokha limakokolola zonse. Ambewe mwatchula Grameen Bank, koma dziwaninso kuti m'chaka cha 2015 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ngongole zing'onozing'ono m'mayiko asanu ndi limodzi, omwe ndi Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco. Anapeza kuti ena anakuza mabizinesi awo, makamaka amene anali nawo kale, koma mabanja ambiri chuma chawo sichinasinthe kwenikweni. Ku Andhra Pradesh m'dziko la India zinafika poipa m'chaka cha 2010, moti boma la kumeneko linachita kukhazikitsa lamulo lokhwimitsa katoleredwe ka ngongolezi chifukwa anthu ankazunzika. Ngongole ndi yabwino kwa amene waima kale ndi miyendo iwiri. Mwiniwake wa ndalamazi wanena ovutikitsitsa.

Ambewe:
Anankhoma, pepani ndi zimene zinaonekera achemwali anu. Koma thumba lathu silingakhale la katapila, chiwongoladzanja tingachiike chochepa, ndipo sitingazule denga la munthu wa kwathu.

Anankhoma:
Ndiye munthu akapanda kubweza mudzatani? Mukapanda kumulanda kanthu, enanso sadzabweza, ndipo thumbalo lidzatha ngati mmene zinathera za mjigo. Mukamulanda, mwasanduka anthu aja anakwera padenga la mchemwali wanga.

Anaphiri:
Pali njira yachitatu imene komiti sinaiganizire. Bungwe la BRAC, la ku Bangladesh komweko, litaona kuti ngongole sizikuwafikira osaukitsitsa, linayamba njira ina m'chaka cha 2002. Banja limapatsidwa chiweto kapena katundu woyambira geni, limalandiranso kangachepe kwa miyezi ingapo kuti lisagulitse chiwetocho chifukwa cha njala, limaphunzitsidwa kasamalidwe kake, limalimbikitsidwa kusunga ndalama, ndipo mlangizi amaliyendera pafupipafupi. Njira imeneyi inayesedwa ku Ethiopia, Ghana, Honduras, India, Pakistan ndi Peru, ndipo m'mayiko ambiri mwa amenewa mabanja anapitiriza kupeza bwino ngakhale patatha chaka thandizo litasiya.

Ambewe:
Zimenezo ndiye ndakhala ndikunena kuyambira poyamba, kuti munthu agwire ntchito ndi manja ake, wina azimuyendera n'kumamufunsa kuti wachitapo chiyani. Mfundo yanga yonse yagona pamenepo. Boma likhale ndi gawo lake, limange misewu, zipatala ndi sukulu, pakuti palibe munthu angadzimangire chipatala yekha ngakhale atalimbikira chotani. Maphunziro aulere a ku pulayimale atayamba m'chaka cha 1994 ana anadzaza m'makalasi, ndipo ine amene ndinali mphunzitsi nthawi imeneyo ndinaona ana amene sakanaponda pasukulu akuphunzira kulemba mayina awo. Koma ndinaonanso makolo ena akuwatulutsa ana omwewo pakati pa chaka popanda chifukwa chomveka, sukulu ili yaulere. Pamenepo boma linalakwa chiyani? Gawo la munthu mwini lilipo, ndipo tikaopa kulitchula poopa kuoneka ankhanza, tikuwanamiza abale athu.

Anaphiri:
Gawo la munthu mwini palibe walikana, Ambewe. Koma musatenge njira ya BRAC kukhala yanu, chifukwa chiweto chija chimaperekedwa ulere, sichibwezedwa, ndipo kangachepe kaja ndi ndalama zomwe zija mwakana m'mawu anu oyamba. Anthuwo amalimbikira chifukwa apatsidwa poyambira. Komanso ana ena amene munawaona akutuluka m'kalasi ankapita kukagwira ganyu kuti pakhomo pagone china m'mimba.

Ankhoma:
Kaya tisankha njira iti, vuto lalikulu likhala mayina. Nthawi zonse kukabwera thandizo, kaundula amadzaza ndi abale a kwa mfumu, ovutika enieni n'kutsala.

Anabanda:
Ankhoma, mawu amenewo mubweze. Mfumu ndi amalume anga, ndipo pakhomo pathu palibe ndi mmodzi yemwe amene analandirapo kanthu. Ngati muli ndi dzina, litchuleni.

Ankhoma:
Mayina sindingatchule pagulu, mayi, koma anthu kumudzi akuwadziwa.

Ambewe:
Mwaonatu. Ndalama sizinatuluke n'komwe m'akaunti, ife tayamba kale kulozana zala. Izi ndi zimene zaulere zimabweretsa. Ine ndikupempha kuti ngati gulu lisankha zogawa, dzina langa lisalembedwe m'komiti yosankha mabanja, ndipo ndifuna kuti m'mabuku mulembedwe kuti ndinachenjeza. Ndikupemphanso kuti ana a agogo aja alemberedwe kalata ndi gulu lino, chifukwa si zoona kuti munthu azidya bwino m'tauni mayi ake akugona m'nyumba yodontha, ife n'kumatsutsana pano za amene awafolerere.

Anaphiri:
Kalatayo ilembedwe ndithu, ine ndisainira nawo. Koma mvula siidikira kuti ana awo ayankhe.

Wapampando:
Abale anga, ndawerenga zonse. Nkhaniyi sitingaimalize pano. Mlembi amulembere mwana wathuyo, amuthokoze, ndipo amufunse ngati angalole kuti ndalama zake zibwereketsedwe kapena akufuna ziperekedwe ndithu, popeza mwini wake ndi iyeyo. Anaphiri ndi Anankhoma atilembere mmene njira yachitatuyo ingayendere ndi ndalama zimene zilipo, ndi amene angamayendere mabanjawo. Ndalama zisatuluke kufikira titakumana. Za mayina ndi za mfumu ndikupempha kuti zilekere pomwepa.

Aphiri:
Zamveka, bambo. Ndikupempha kuti pamsonkhano umenewo nkhani ya malisiti a mjigo ikhale yoyamba kukambidwa.

Ambewe:
Ikhale yoyamba ndithu, ine ndidzabwera. Ankhoma adzabwerenso kuti tikaonetsane dzenje lachiwirilo.