Ndithandizeni Nzeru: Nsalu Yobiriwira Ikundiwonongera Zithunzi

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndili ndi kasitudiyo ka zithunzi ku Area 25, ndipo chipinda chake n'chaching'ono, mamita atatu okha m'litali. Mwezi watha ndinagula nsalu yobiriwira ku Old Town kuti ndiziichotsa pa kompyuta n'kuika kumbuyo kwa munthu malo amene wasankha, kaya nyanja ya ku Senga Bay, kaya Nyumba ya Malamulo, m'malo momangosintha makatani.

Vuto ndi lakuti kubiriwirako kukumwazikira pa munthu. Kukuoneka m'masaya ndi m'makutu, makamaka kwa amene adzola mafuta ambiri, ndipo tsitsi lopesa limatuluka ngati lametedwa ndi lumo m'mbalimu. Chimene chikundipweteka kwambiri ndi cha sabata yatha. Mayi wina anabwera atavala chitenje cha chinkhoswe chokhala ndi masamba obiriwira, ndipo nditachotsa nsaluyo mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Photoshop masambawo anapita nayo limodzi, chitenje n'kutsala chobowokabowoka. Ndalama ndinawabwezera, koma manyazi sanandichokebe.

Kodi cholakwika ndi nsalu, kapena ndi nyale zanga ziwiri za LED? Nanga nsalu yabuluu ingathandize?

Yankho: Achimwene, nsaluyo musaitaye. Kamera imauona bwino mtundu wobiriwira chifukwa mu sensor yake, kachipangizo kolandira kuwala kaja, timadontho towerenga mtunduwu timachuluka kawiri kuposa tofiira kapena tabuluu. Chachitika n'chakuti munthu akuima pafupi kwambiri ndi nsalu, ndiye kuwala kukugunda nsaluyo n'kubwerera pakhungu. Azitalikira mamita awiri ngati n'kotheka. Nsalu muisite, muikoke kuti isakhale ndi makwinya, ndipo ikhale ndi nyale yakeyake yowala mofanana paliponse koma mosapitirira. Kanyale kachitatu kowalira tsitsi kuchokera kumbuyo kamathandiza kwambiri kuti m'mbali mudulike bwino. Za chitenje, palibe njira yachidule: wovala zobiriwira mujambuleni pa nsalu yabuluu kapena yotuwa, ndipo muzifunsa zovala munthu asanabwere.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, bambo. Ndikamutalikitsa munthu mamita awiri, kamera isowa poima, choncho mawa ndiyesa kujambulira pakhomo nditatsegula chitseko. Ndifunsenso: kanyale katsitsiko kangakhale kotchaja, poti magetsi amatithimira nthawi zina masana?