Gulu la banja: ukwati wa pa 26 Seputembala

Lamlungu madzulo

Mkwatibwi: Mwaswera bwanji nonse. Ndatsegula gululi kuti tisamaimbirane mmodzimmodzi, kirediti ikungotha. Ine ndi anzangawa tagwirizana kuti ukwati ukhale Loweruka pa 26 Seputembala 2026. Tasankha dala tsikuli chifukwa Lachisanu pa 25 ndi tchuthi cha tsiku la asilikali kuno ku Mozambique, a ku Tete ndi ku Moatize mudzanyamuka osapempha chilolezo kuntchito. Koma ndineneretu, tikufuna ukwati waung'ono. Kutchalitchi m'mawa, kenako kudya pabwalo pa agogo ku Dómuè. Salão (holo yochita lendi) ayi, mdipiti wa magalimoto ayi, makadi ayi.

Amayi aang'ono (Ulónguè): Lululululu! Ambuye alemekezeke!

Msuweni (Dedza): Zabwino zonse asuweni, tadikira kokwanira 🙏🏾

Azakhali (Moatize): Ndakondwa mwana wanga, koma mawu akumapetowo andibaya. Ndiwe mwana woyamba wa malemu achimwene anga, ndiwe mphunzitsi. Ukadyere ukwati pafumbi, anthu atakhala pamikeka? Bambo ako akanakhala moyo sakanalola. Ngati vuto ndi ndalama nena, ine ndilipo.

Mkwatibwi: Azakhali, ndikudziwa kuti mukunena chifukwa chondikonda. Ndiloleni ndifotokoze bwinobwino.

Ndinapita kukafunsa salão ku Ulónguè. Malo okha anandiuza 30,000 MT (meticais), mipando, zokongoletsa ndi chakudya zili padera. Ndinabwerera ndili chete mpaka kunyumba. Ine ndimadzuka tambala woyamba, kutunga madzi, kuphika, ulendo wa kusukulu, pobwera dzuwa lapendeka ndi makope a ana oti ndichonge. Ndalama imene ndili nayo ndi ya xitique, chipereganyu chathu chija, tilipo aphunzitsi 10, aliyense 2,000 MT pamwezi, ndipo ine ndidzalandira mu Ogasiti. Anzangawa amakonza njinga zamoto, lero apeza, mawa ayi. Chaka chatha anaumba njerwa, anawotcha, nyumba yafika pa lintala. Chatsala ndi malata 28, mitengo, misomali ndi zitseko. Mvula ya kuno mukuidziwa, Novembala ikangoyamba sifunsa. Tikadya ndalamayi tsiku limodzi, zipupa zija zidzakhala pamvula mpaka Epulo, ifeyo tili panyumba ya lendi. Usiku uliwonse ndimatsegula kope langa kuwerengeranso, ndipo yankho limabwera lomwelo.

Amayi: Alamu, mwanayu zimenezi sanayambe lero. Ndimamuona akufufutafufuta m'kopemo mpaka nyali kuzima. Ine ndavomera.

Amalume (Dómuè): Ndawerenga zonse. Mwana walankhula zanzeru ndipo ndili mbali yake. Koma pali ziwiri zoti ndikonze. Choyamba, kuchepa kwa ukwati kukhale pa ndalama, osati pa anthu. Kuno kumudzi sitiwerenga mitu. Amfumu tikawauza ndiye kuti mudzi wonse wamva, ndipo palibe amene adzabwezedwe pabwalo pa amayi anga chifukwa alibe kapepala. Chachiwiri, sindinamve za chinkhoswe. Chimenecho sichidumphidwa.

Mkwatibwi: Chinkhoswe ayi amalume, sitingadumphe. Timaganiza kuti chichitike mu Julayi, cha pakhomo, mabanja awiri okha.

Amalume (Dómuè): Ndiye bwino. Ankhoswe a kuchimuna ochokera ku Tsangano abwera Loweruka likudzali kuti timve mawu awo. Iwo ndi Angoni, mwina abwera ndi nkhani ya malowolo a ng'ombe. Ine ndikawauza kuti kwathu kuno sitiyika mtengo pa mwana. Abweretse tambala, khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, ife tipereka msoti, lichero, mthiko ndi chipande. Chachikulu n'chakuti tidziwane, kuti mawa m'nyumbamo mukabuka nkhani aliyense adziwe khomo lokagogoda. Ngati ali ndi ng'ombe yoti apereke, aigulitse agule malata.

Lolemba

Amayi aang'ono (Ulónguè): Ndinali kwa agogo m'mawa uno, ndawawerengera zonse. Akuti ndilembe chonchi: "Muwauze azakhali akewo asadandaule. Bwalo langa ndidzalisesa ndekha, ndidzalizira ndi dothi lakuda la kudambo. Amake mwanayu anakwatiwira pansi pa mtengo wa mango womwewu, ndipo anthu anavina mpaka kunacha. Chimene ndikupempha ndi thobwa wokwanira. Ukwati wopanda thobwa sindidzakhalapo."

Azakhali (Moatize): Mawu a agogo ndawamva. Usiku sindinagone bwino, ndimakumbukira achimwene. Iwonso nyumba yawo anafolera ndi udzu zaka zambiri asanapeze malata, ndipo ankadandaula nazo. Chabwino, salão tiisiye. Ndalama imene ndinasunga ndigula chitseko chakumaso ndi mawindo awiri. Koma bolo, keke ya ukwati, musandiletse, ndiponso nsalu ya banja.

Mkwatibwi: Azakhali, misozi ili m'maso. Zikomo kwambiri. Bolo ndavomera ndi manja awiri. Za nsalu, pempho langa n'lakuti ikhale kapulana ya mtengo wapakati, ndipo amene sangathe asakakamizidwe. Sindikufuna wina akhale kunyumba chifukwa cha manyazi kuti alibe yunifomu.

Amayi aang'ono (Ulónguè): Alamu, bolo musaphikitse kumeneko. Kutentha kwa Moatize mu Seputembala, kuwonjeza ulendo wa pa minibasi ya chapa, mukamafika pa Mussacama zonona zonse zasungunuka. Pali mayi wina wa kumpingo kwathu amaphika bwino kuno ku Ulónguè. Tumizani ndalama, ine ndikayang'anira.

Azakhali (Moatize): Zoona zimenezo. Mundiuze mtengo.

Achimwene (Tete): Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pa shifiti ya usiku. Mlongo wanga, ndagwirizana nazo zonse, koma pali chinthu chimodzi chimene palibe watchula: Registo Civil, ofesi ya boma yolembetsa maukwati ndi kubadwa kwa ana. Lamulo la banja la 2004, limene linakonzedwanso mu 2019, limavomereza ukwati wa kuboma, wa kutchalitchi ndi wa mwambo, koma wa kutchalitchi ndi wa mwambowo uyenera kukalembedwa ku Registo kuti ukhale ndi mphamvu pamaso pa boma. Inu mukumanga nyumba limodzi, iwe ukuikapo ndalama yako ya xitique. Pepala limenelo ndilo lidzakuteteze iwe ndi ana ako, ngakhale pa nkhani ya penshoni. Musalione ngati chinthu chapambuyo.

Mkwatibwi: Abusa anatiuzanso zomwezo achimwene. BI yanga, chitupa cha unzika, ili bwino. Ya anzangawa yatsala pang'ono kutha, ndipo kalata yawo ya kubadwa ili ku Tsangano kumene analembetsedwa.

Achimwene (Tete): Apite sabata ino, asadikire Ogasiti. Mukapereka mapepala, a Registo amayamba akhoma chidziwitso kuti ngati pali wotsutsa anene, ndiye pamafunika nthawi. Mboni ziwiri nazonso zikhale ndi ma BI. Ndipo kumbukirani kuti pa 25 paja maofesi adzakhala otseka, chilichonse cha kumeneko chithe pofika Lachinayi. Ndalama ya mapepala onse ndi yanga.

Amayi: Kutchalitchinso amalengeza masabata atatu, ndiye mayina apite kwa akulu a mpingo mwezi wa Ogasiti usanathe.

Lachitatu

Amalume (Dómuè): Tsopano za m'mimba. Ine ndapereka mbuzi ziwiri. Tidzapha Loweruka mbandakucha, osati Lachisanu, nyama ingadzagone ndi kutentha. Achimuna akuti abweretsa nkhuku, ndidzamva kuchuluka kwake akabwera.

Amayi: Chimanga chili m'nkhokwe, ndikonola matumba atatu. Chimera ndiyamba kumiza kumayambiriro kwa Seputembala kuti chimere, chiume bwino tisanapite nacho kuchigayo. Nyemba zilipo.

Amayi aang'ono (Ulónguè): Mbatatesi, kabichi, tomato ndi anyezi ndi za kudimba kwanga, musagule. Ndabzala mzere wina dala kuti zidzakhwime nthawi imeneyo.

Achimwene (Tete): Mpunga matumba awiri a 25 kg, mafuta malita 20 ndi mchere ndibwera nazo. Ndifunafunanso chicoa, nsomba youma ya ku Cahora Bassa, agogo amaikonda. Tidzanyamuka Lachisanu m'mamawa, azakhali mudzatidikire pamsewu ku Moatize.

Msuweni (Dedza): Ife tibwera anthu 6 kudzera pa Calómuè. Ndalama yathu ndi ya kwacha, tikasintha pachipata imachepa, ndiye taganiza zogula shuga ndi masamba a tiyi konkuno. Asuweni, diresi langa la ukwati lili m'sutikesi, ndinavala tsiku limodzi lokha. Ngati simunyansidwa nalo ndikutumizirani.

Mkwatibwi: Kunyansidwa chiyani asuweni? Ndinaliona pa zithunzi, ndi lokongola. Tumizani msanga kuti telala alibweze m'chiuno, inu ndinu ataliko pang'ono, m'munsimonso apinda. Pamenepa mwandichotsera mtolo waukulu, ndimaganiza zobwereka ku Tete.

Azakhali (Moatize): Nanga zoimbira? Kwa agogo kulibe magetsi.

Mkwatibwi: Kwaya yathu yavomera kuimba kuyambira kutchalitchi mpaka kumudzi, ndipo achimuna akuti abwera ndi ngoma yawo ya Chingoni. Mnzawo wa anzangawa ali ndi sipika ya batire, idzathandiza pa perekaniperekani. Pamenepo pokha ndikupempha, isatalike. Anthu aponye zimene ali nazo kamodzi, asamaitanidwe mayina mobwerezabwereza mpaka kuchita manyazi.

Amalume (Dómuè): Woyendetsa mwambo ndidzamusankha ine, ndidzamuuza zimenezo. Msungichuma akhale amayi ako aang'ono. Amene ali ndi kangachepe atumize kwa iwo pa M-Pesa kapena e-Mola, iwo azilemba pano kuti aliyense aziona.

Amayi aang'ono (Ulónguè): Ndavomera. Ndizilemba Lamlungu lililonse madzulo.

Amayi: Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi madzi ndi nkhuni. Kumapeto kwa Seputembala chitsime cha agogo chimakhala chitatsika, ndipo thobwa yekha amadya madzi ambiri. Pafunika migolo inayi, tiyambe kudzaza Lachitatu la sabata imeneyo. Achimwene anga a ku Dómuè, ngolo yanu idzakhalapo?

Amalume (Dómuè): Idzakhalapo. Nkhuni anyamata ayamba kuwaza mwezi wamawa kuti ziume. Migolo ndili nayo iwiri.

Mkwatibwi: Iwiri inayo ndikafunsa kwa ahedi, kusukulu ilipo imene sitigwiritsa ntchito. Amayi, mapoto aakulu aja a kumpingo amabwereketsa ndani?

Amayi: Amayi a abusa. Ndikaonana nawo Lachinayi ku mapemphero. Iwe Loweruka ufike kwa amalume ako m'mawa alendo asanabwere, ubwere ndi kapulana yoti ufunde.