Kuwonjezera pa funso la mwana wa magazi a gulu O

Mayi a ku Linthipe anafunsa ngati bambo a gulu A ndi mayi a gulu B angabereke mwana wa gulu O, popeza akuchimuna ayamba kukayika. Tinayankha kuti n'zotheka. Tsopano atiuza kuti iwo ndi B negative, mwanayo O positive (positive ndi magazi okhala ndi chizindikiro chotchedwa Rh D pa maselo ofiira, negative ndi opanda chizindikirocho).

Pa gulu la magazi, mwana amatenga jini (kanthu ka chibadwa kochokera kwa makolo) imodzi kwa bambo, ina kwa mayi. A ndi B zimaphimba O, choncho bambo olembedwa A akhoza kukhala AO, mayi olembedwa B n'kukhala BO. Zikatero, pa mimba iliyonse mwayi wa mwana wa O ndi 25 peresenti, chimodzimodzinso A, B ndi AB. Gulu la magazi silingatsimikize bambo wa mwana, zimenezo n'za DNA. Musalole banja kugwedezeka pa chifukwa ichi.

Chotidetsa nkhawa, mayi, ndi negative wanuyo. Pobereka, magazi a mwana wa positive amatha kulowa mwa inu, thupi n'kupanga asilikali olimbana nawo. Woyambayu sizimukhudza kawirikawiri, koma wotsatira, akakhala positive, maselo ake ofiira amatha kuphwanyidwa. Zikatero amabadwa ndi magazi ochepa ndi chikasu, nthawi zina amafera m'mimba.

Chotchinga ndi jakisoni wa anti-D, woletsa thupi kupanga asilikaliwo, wobayidwa pasanathe maola 72 mutachira, komanso mukapita padera. Ngati simunabayidwe, pitani ku chipatala chachikulu cha Dedza ndi buku lanu la kuchipatala. Pa mimba yotsatira yambani sikelo msanga, muwauze anamwino tsiku loyamba lomwelo kuti ndinu negative.