Imelo ya pa webusaiti yathu yadzaza ndi mauthenga achinyengo, tiiteteze bwanji?

Abale ndi alongo odziwa za makompyuta, ndigawireniko nzeru. Ndimayang'anira kamalo kogona alendo ku Senga Bay, kuno ku Salima. Imelo yathu tinailemba poyera pa webusaiti kuti alendo azitipeza mosavuta. Pano tsiku lililonse kumabwera mauthenga oti tapambana ndalama, ena onamizira banki, ofuna tidine linki. Uthenga wa mlendo wofuna chipinda umakwiririka m'zinyalalazi, pomwe tiziuona iye n'kuti atapeza kale malo kwina. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ndi pomwe timadyera.

Ndamva kuti pali mapulogalamu oyendayenda pa intaneti omwe amawerenga HTML (zolembedwa zakuseri zomwe zimapanga tsamba la webusaiti), akangoona chizindikiro cha @ kapena mawu oti mailto, amatola adilesiyo.

Webusaiti yathu ili pa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti. Mnyamata amene anatipangira akuti tigwiritse ntchito antispambot ya m'WordPress momwemo, yomwe imasandutsa zilembo za adilesi kukhala manambala kuti mapulogalamu aja asaizindikire, kapena tidutsitse webusaiti ku Cloudflare, kampani yoteteza mawebusaiti, yomwe imabisa adilesi ndi JavaScript (chinenero cholembera mapulogalamu). Kodi njirazi zikugwirabe ntchito masiku ano, kapena otolawo anazitulukira kale?

Za fomu yoti alendo azitilemberapo uthenga, yokhala ndi reCAPTCHA (mayeso osiyanitsa munthu ndi pulogalamu), ndikuziopa. Netiweki ya kunyanja kuno nthawi zina imakoka, ndipo munthu akauzidwa kusankha zithunzi za mabasi kawirikatatu amangotaya mtima n'kutseka.

China chondisowetsa mtendere ndi ichi: adilesi yakaleyi anaitola kale. Kuibisa pano kuthandiza kanthu, kapena titsegule ina? Vuto ndi loti inalembedwa pachikwangwani cha kumsewu komanso pa timapepala tomwe tinagawira alendo. Amene munakumanapo nazo, munatani?