Mwana akubwebweta ndi mawu a agogo, tilowere kuti abale?

NaPhiri_Mufakose:
Abale anga a muno mu Harare ndithandizeni maganizo. Mwana wa achemwali anga, wazaka 16, wayamba kumagwa kuyambira mwezi wa Juni. Amayamba ndi kudandaula mutu, kenako maso amangoti tong'o nkugwa pansi, akatero amayankhula ndi mawu a nkhalamba, Chichewa chakuya chomwe iye sachidziwa, pajatu ana obadwira kunoko ndi Chishona basi. Sabata yatha amatchula dzina la agogo athu omwe anamwalira ku Dedza ndipo palibe wa ife anapita kumaliro. Ndiye pakhomo pavuta, bambo ake ndi Asilamu a ku Mangochi akuti ndi majini tiitane ashehe, achemwali ndi a CCAP akuti tiitane abusa, aneba athu ndi mapostori (a mpingo wa Apostolic) akuti mwana ali ndi shavi, mzimu wachilendo, timutengere ku masowe, kutchire komwe amapempherera. Ine mutu waima. Kodi zonsezi ndi chinthu chimodzi chongosiyana mayina?

Gogo_Banda_Mbare:
Mwana wanga, sichinthu chimodzi ayi. Kwathu mzimu wa kholo sitimauthamangitsa ngati galu, timaufunsa kuti mukufuna chani, chifukwa ndi mbale wathu. Akulu amafulula mowa, amatsira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, nkupepesa. Atumbuka kumpoto ali ndi vimbuza, wodwalayo amamuimbira ng'oma usiku avine mzimuwo unene zake, mpaka UNESCO inazindikira gule ameneyu mu 2005 pamodzi ndi gule wamkulu wathu. Anzathu Achishona nawonso mudzimu amaulandira, munthu nkukhala svikiro, woyankhulitsidwa ndi mzimuwo, koma ngozi ndiye ina, ndi mzimu wa munthu wolakwiridwa ndipo amati imafuna kulipidwa. Atchalitchi ndi amzikiti ndi omwe amati chilichonse cholowa mwa munthu chituluke. Ndiye muyambe mwamvana kaye ngati banja kuti mukufuna kumva kapena kuthamangitsa. Ine zakuti simunapite kumaliro zija zandikhudza.

Yusufu_Epworth:
Achemwali, ife Asilamu sitikhulupirira kuti wakufa amabwerera kudzalowa mwa munthu. Timati ndi jini, cholengedwa cha Mulungu chomwe Qur'an imati chinapangidwa ndi moto, ndipo limatha kunamizira mawu a munthu amene mukumudziwa. Chomwe ashehe amachita ndi ruqya, amawerenga ndime za mu Qur'an monga Al-Fatiha, Ayatul Kursi, Al-Falaq ndi An-Nas, nthawi zina pamadzi oti wodwala amwe, basi. Wina akakuuzani kuti bweretsani nkhuku yakuda kapena akufuna akhale yekha mchipinda ndi mtsikanayo, ameneyo musamulole ngakhale atavala mkanjo wautali bwanji. Mayi ake akhalepo nthawi zonse.

Tereza_Highfield:
Ine ndine Mkatolika komanso nesi, ndiye ndiyankhula mbali ziwiri. Kwathu si wansembe aliyense angatulutse ziwanda mwamwambo, amayenera kupatsidwa chilolezo ndi episkopi, ndipo buku la mwambowu lomwe linakonzedwanso mu 1999 limanenetsa kuti ayambe watsimikiza kuti si matenda. Ndiye ngati mpingo weniweniwo ukuti yambani mwafunsa adokotala, ifeyo tikuchedweranji? Werengani Marko 9, mnyamata uja amagwa, kuchita thovu, kukukuta mano, nthawi zina kugwera pamoto, ine ndikawerenga ndimaona odwala anga a khunyu, chomwe kuno amati pfari. Khunyu ili ndi mitundu, ina munthu sanjenjemera nkomwe, amangoyang'ana malo amodzi nkumayankhula zosamveka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu 7 mwa 10 alionse amatha kusiya kugwa akamamwa mankhwala moyenera. Komanso mtsikana wa msinkhu umenewo pena ndi nkhawa yomwe akulephera kuinena, mufunseni mwachinsinsi ngati pali wina akumuvutitsa kusukulu kapena pakhomo. Kumakiliniki ena muli agogo opereka uphungu a pulogalamu ya Friendship Bench yomwe inayambira ku Mbare, amamvetsera bwino kwabasi.

Ndinalandirapo mwana atatupa msana chifukwa amamukwapula ati chiwanda chimve kuwawa, anamusalitsanso kudya masiku atatu. Mpaka lero zimandipweteka. Pempherani inde, koma asamenyedwe, ndipo akagwa mugonekeni chammbali, musamuike supuni mkamwa, thovu lake silipatsirana.

NaPhiri_Mufakose:
Zikomo nonse, ndawawerengera achemwali ndi alamu anga pa foni. Alamu avomera kuti Lolemba tipite naye kukiliniki, ashehe abwera Lachisanu akaweruka ku Juma mayi ake ali pomwepo. Za ku Dedza ndaimbira amalume pa WhatsApp, akuti tikasonkha ya basi mu Disembala tikaone manda. A Tereza, kodi ndijambule vidiyo akadzagwanso kuti adokotala akaone okha?

Tereza_Highfield:
Eya jambulani, ndipo muone pa wotchi kuti zatenga mphindi zingati. Zikapitirira 5 asanatsitsimuke thamangirani naye kuchipatala pompopompo. Vidiyoyo musaitumize mmagulupu chonde, ndi mwana wamkazi uyu.