Mayi wa sitiroko akuyenda bwino pasimenti koma akugwa pamchenga

Wa mafizo, Nsanje:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndikuthandiza mayi wa zaka 58 amene anadwala sitiroko miyezi inayi yapitayo, ndipo inawafoola mbali ya kumanzere. Pakhonde la chipatala amayenda ndi ndodo mamita 10 m'masekondi 22, omwe ndi pafupifupi mamita 0.45 pa sekondi, choncho ali m'gulu la 0.4 mpaka 0.8, la anthu otha kutulukako panja pang'ono. Koma mwana wawo akuti mwezi uno wokha agwa katatu popita kumjigo. Zala za kuphazi zimakhula pansi, ndipo mwendo amauponya mozungulira kunja. Ndikuganiza zowatumiza ku Blantyre kuti akawapangire AFO, chipangizo cha pulasitiki chovala kumwendo chimene chimagwira phazi kuti lisamagwe. Kodi ndafulumira?

Wa mafizo, Chikwawa:
Achimwene, ulendo wokwera mtunda wa Thabwa kupita ku Blantyre si wotchipa kwa banja la kumudzi, ndiye tiyambe tadziwa chimene chikugwetsa phazilo. Agonekeni chagada, mukankhe phazi kulozetsa kumsongolo bondo lili lowongoka, kenako mubwereze bondo litapindika. Ngati phazi likukwera bwino bondo litapindika koma likukana bondo likawongoka, ndiye kuti mnofu wa katumba uja wa gastrocnemius wafupika kapena wakungika. Ngati m'manja mwanu likukwera mosavuta koma iwo sangathe kulidzutsa okha, vuto lalikulu ndi kufooka kwa tibialis anterior, mnofu wa kutsogolo kwa msongolo umene umadzutsa phazi. Muonenso ngati bondo likubwerera m'mbuyo akaponda mwendo wodwalawo.

Wothandizira mafizo, Ngabu:
Ndiwonjezereko pang'ono, ngakhale ndine wamng'ono pakati panu. Simenti imabisa zambiri, chifukwa chala chimatsetsereka pamwamba pake, pamene mumchenga wa kwathu kuno chimakumba n'kukodwa. Ine ndimapita kunyumba kwa wodwala, ndimasesa bwalo, kuwaza madzi pang'ono, kenako kumuyendetsa wopanda nsapato, ndipo mapazi amene atsala pansi ndimawayeza ndi tepi ya telala. Pamenepo zimaoneka ngati chidendene chikufika pansi, komanso mwendo umene ukuponyedwa pafupi. Jambulaninso kanema pafoni, mutaima chammbali ndipo foniyo ili pamsinkhu wa bondo. Kwa amayi, pemphani mwaulemu kuti mwana wawo wamkazi awakwezere chitenje kufika pamwamba pa bondo, apo ayi mudzajambula nsalu yokhayokha. Muchite zimenezi m'mamawa, poti masana a Okutobala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo wodwala wotopa amayenda mosiyana.

Wa mafizo, Nsanje:
Zikomo nonse, dzulo ndinapita kwawo. Bondo likawongoka phazi silikufika ngakhale pakona ya madigiri 90, koma likapindika likupitirira. Okha akulidzutsa pang'ono chabe. Pamchenga palibe chizindikiro cha chidendene cha kumanzere, pali mzere wa chala chachikulu basi, ndipo mwendo wabwino akuuponya masentimita 24 pamene wodwalawo ukufika 41. Bondo likubwereradi m'mbuyo. Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti kunyumba amavala patapata, pamene kuchipatala amabwera atavala nsapato za kutchalitchi, ndipo ine sindinafunsepo.

Wa mafizo, Chikwawa:
Masentimita 24 amenewo akunena zambiri. Kwa munthu wabwinobwino, mwendo uliwonse umakhala utaponda pansi pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a nthawi ya mayendedwe ake, koma mayiwa akuthawa kuima pamwendo wodwala, n'chifukwa chake wabwinowo akuutsitsa msanga. Katumba wolimbayo ndi amene akukokera msongolo m'mbuyo n'kukankha bondo. Yambani ndi kuwongola katumba tsiku lililonse ataimirira ndi kutsamira khoma, chidendene chili pansi, kenako adzuke pampando mobwerezabwereza phazi lodwala litakokeredwa m'mbuyo kuti lisenze thupi. Aziyeseranso kuponya mwendo wabwino kudutsa mzere umene mwajambula pansi, ndodo ili kudzanja lamanja. Patapata asiyiretu, apeze nsapato yogwira chidendene.

Kalata ya AFO muilembebe, koma mutchulemo za bondolo ndi pamene phazi likulekezera, kuti opanga akadziwe chochita. Muwayezenso shuga ndi kumva kwa khungu la phazi, chifukwa pulasitiki ndi thukuta la kuchigwa kuno zimayambitsa zilonda mosavuta. Pakatha masabata anayi mubwereze mamita 10 aja pabwalo lomwelo, ndipo mutitumizire kanema wake.